Batani la siliva la mitima iwiri: nditsuke kapena ndilisiye chomwecho?

Ngozo wa ku Peterborough:
Moni nonse pagulu. Ndikupempha nzeru kwa inu odziwa za zitsulo zakale. Loweruka tinapita ndi anzathu a kalabu yofufuza zitsulo pansi kumunda wa mlimi wina ku Norfolk, kuno ku England, atangokolola kumene balere. Makina anga analira, ndipo nditangokumba pang'ono ndinatola kabatani kozungulira, mamilimita 15 pa rula. Nkakuda, pena nkotuwa. Pamwamba pakuoneka chisoti chachifumu, pansi pake mitima iwiri yogundana. Kumbuyo kuli kamphete kosokerapo, kopindika pang'ono. Mdala wina wa m'kalabumo atakaona anati ndi siliva wa m'zaka za m'ma 1600, ndisakapukute, ndipite nako kwa FLO, wolembera zinthu zakale zimene anthu atola. Tsiku lomwelo ndinatolanso batani lina lokulirapo, la mkuwa, lokhala ndi timadontho tagolide. Kumbuyo kwake kwalembedwa TREBLE GILT, ndipo m'mphepete muli ufa wobiriwira. Onse awiri akadali ndi dothi lake. Nditsuke ndi chiyani kuti zolembazo zioneke bwino?

Malume Phiri:
Mphwanga, zimenezi si zofunsa pagulu ayi. Tenga phulusa losefa, finyiramo ndimu, pukuta ndi kansanza. Mawa lomwe udziona nkhope pa batanilo. Mendulo za agogo ako a ku nkhondo tinkaziwalitsa choncho.

Nabanda wa ku Joni:
Malume mwatsalira kkkk. Masiku ano timayala foyilo m'mbale, kuthira madzi otentha ndi soda, kuponyamo siliva. Ndolo zanga ndimatero, mphindi zochepa zayera kale.

Mbewe wa ku Leeds:
Imani kaye abale. Achimwene a Ngozo, musachite chilichonse mwa zimenezi. La silivalo panopa si lanu loti mungalichite zimene mukufuna. Lamulo la kuno, Treasure Act ya 1996, limati chinthu chimene si ndalama, chimene chapitirira zaka 300 ndipo magawo 10 pa 100 alionse a kulemera kwake ndi siliva kapena golide, chimawerengedwa ngati chuma chofunika kukanena kuboma. Muli ndi masiku 14 kuchokera tsiku limene mwazindikira kuti mwina ndi chuma chotere. Pepala limati mukanene kwa coroner, woweruza nkhani za chuma chotere, wa dera limene mwatolalo, koma mmene zimayendera, mumalembera FLO, kutanthauza Finds Liaison Officer wa Portable Antiquities Scheme, iye ndiye amakuyendetserani mapepala. Kubisa ndi mlandu, chindapusa kapena kundende mpaka miyezi itatu, kapena zonse ziwiri. Mdala uja atakuuzani Loweruka, masiku anayamba kuwerengedwa. Lembani imelo lero.

Malume Phiri:
Asa! Makina ogula wekha, petulo wako, msana wako, dothi wakumba ndiwe, ndiye boma libwere kudzati nchathu? Azungu ndi ochenjera bwanji.

Mbewe wa ku Leeds:
Sakulanda chabe malume. Ngati myuziyamu ina ikulifuna, komiti yotchedwa Treasure Valuation Committee imaika mtengo wa pamsika, myuziyamuyo nkulipira. Ndalamazo kawirikawiri amagawana pakati ndi pakati wotola ndi mwini munda. Ngati palibe myuziyamu yolifuna, amakubwezerani. Ndipo apa mpamene phulusa lanu lingamudyere mnyamatayu ndalama, chifukwa mphotho amatha kuichepetsa akaona kuti wotola wawononga chinthucho mosasamala.

Nachisale:
Ndawerenga mochedwa, ndinali kuntchito. Ine ntchito yanga ndi yomweyi yosamalira zinthu zofukulidwa, ndiye ndiyankhe motalikirapo, mundipirire.

Achimwene a Ngozo, choyamba nkudziwa kuti kuda mukuonako si litsiro. Siliva akakumana ndi sulufule amapanga kachikopa kakuda. Akakhala m'dothi lokhala ndi mchere, pamwamba pake pamasanduka chinthu china chotuwa, chofewa, pena chooneka chofiirira. Zonse ziwirizi zapangidwa kuchokera ku siliva wa batani lomwelo. Ndiye mukamachotsa, mukuchotsa khungu lenileni la batanilo, ndipo mizere yopyapyala ya chisoti ndi ya mitimayo nthawi zambiri imakhala m'khungu momwemo. Phulusa, Vim, sitiliwulo, mankhwala otsukira mano, zonsezi zimakanda. Ndi maso simungaone, koma pansi pa galasi lokulitsira zinthu mumaona mizere yokhayokha, ndipo sibwerera.

Za foyilo ndi soda, asisi a Nabanda, pa ndolo zanu palibe vuto, ndi siliva watsopano, wolimba. Siliva amene wagona m'nthaka zaka 350 ndi wina. Mkati mwake amakhala atafooka, amathetheka msanga. Njira imeneyo imamusiya ali mbuu, wa timaenje, osaonekanso ngati wakale. Ndipo mabatani amenewa ankawadinda pa kachitsulo kopyapyala kwambiri.

Nchifukwa chakenso kamphete kakumbuyoko musakawongole. Ndikudziwa kuti zala zikuyabwa, koma mukangokakankha kathyoka pamene anakalumikizira.

Zoti muchite ndi zochepa. Liyaleni pa pepala loyera, m'chipinda chouma, liume lokha. Osaliika pa hita, osaliumitsa ndi makina oumitsira tsitsi. Lijambuleni kumaso, kumbuyo ndi chammbali, rula ili pambali. Kuti zolemba zioneke, zimitsani getsi la m'chipinda, muunike ndi tochi ya foni kuchokera chammbali, kuwala kuzichita kukwawa pamwamba pake. Mudabwa kuti mithunzi ikuonetsani zambiri kuposa zimene kutsuka kukanaonetsa. Likauma, m'kathumba ka pulasitiki kotseka pakamwa, mubooleko timabowo ndi singano kuti lisachite thukuta, muikemo kathovu kopyapyala koti litsamirepo. Basi. Dothi lotsalalo musiyire a ku myuziyamu.

Ngozo wa ku Peterborough:
Zikomo kwambiri achemwali. Ngakhale madzi okha osaloledwa? Pali kadothi kamene kakutseka mtima umodzi.

Nachisale:
Likanakhala batani wamba ndikanati tengani kathonje ka m'makutu, mukanyowetse ndi madzi a distilled, muzikagubuduza pamwamba osakhula. Koma ili likupita kwa coroner, ndiye lisiyeni. Pena m'dothi la mu kamphete mumatsalira kaulusi ka chovala chimene linasokedwapo. Siliva ndi mkuwa zimapha tizilombo toola nsalu, ndiye ulusi wokhudzana ndi chitsulo umatha kupulumuka. Madzi a pampopi angokokolola zimenezo kupita nazo mu sinki.

Tembo wa ku Chipata:
Madzi a distilled ndi aja timagula a mu batire ya galimoto?

Nachisale:
Eya omwewo, koma muwerenge botolo. Pashelefu amakhala moyandikana ndi asidi wa batire. Mukasokoneza, batani latha, zala nazo zapsa.

Mphunzitsi Wopuma, Zomba:
Ndiloleni ndiponyepo ya mbiri, poti enanu mwatenga kale ya sayansi. Chisoti pamwamba pa mitima iwiri anthu amachigwirizanitsa ndi ukwati wa Mfumu Charles II ndi Catherine wa ku Braganza, mwana wa Mfumu João IV ya ku Portugal. Ukwatiwo unachitikira ku Portsmouth mu May 1662, patangopita zaka ziwiri Charles atabwerera pampando mu 1660, ulamuliro wopanda mfumu wa nthawi ya Cromwell utatha. Mkwatibwi sanabwere chimanjamanja. Anabwera ndi mizinda ya Tangier ndi Bombay, ndipo Bombay ija ndi imene pambuyo pake inaperekedwa ku East India Company mu 1668. Ndiye mwana wanga Ngozo, kanthu mwatolako kanavalidwa ndi munthu amene mwina ankafuna aliyense aone kuti iye ali kumbali ya mfumu. Ndipo nthawi yomweyo Apwitikizi a kwawo kwa mkwatibwiyo anali kale ku Tete ndi ku Sena, akugula minyanga kwa Amaravi.

Nachisale:
Aphunzitsi anena zoona, koma ndionjezere kuti akatswiri amasamala pamenepa. Chizindikirocho chinapitirira kugwiritsidwa ntchito zaka zambiri ukwatiwo utapita, ndipo pali ena a mtundu womwewo oonetsa manja awiri akugwirana, kapena mtima wolasidwa ndi mivi. Ndiye mwina mwiniwake za mfumu analibe nazo ntchito, linali chabe mphatso ya chibwenzi kapena ya ukwati wake. Lipoti likamatuluka mudzaona akulemba kuti theka lachiwiri la zaka za m'ma 1600, osati 1662 yeniyeni. Komanso ambiri mwa awa anali awiriawiri, olumikizidwa ndi kawaya, omangira mkono wa malaya. Linzake mwina lili m'munda momwemo.

Mphunzitsi Wopuma, Zomba:
Ndavomera mayi. Koma chisoticho musandilande, munthu wachibwenzi chabe chisoti cha mfumu amachifuniranji?

Nachisale:
Kkkk aphunzitsi, m'zithunzi za nthawi imeneyo chisoti pamwamba pa mtima chinkatanthauzanso chikondi chokhulupirika. Tisiyire FLO atiweruze.

Jere wa ku Luton:
Inu mukuchedwa nazo. Funso ndi limodzi, ndi ndalama zingati? Ngozo, ika pa eBay, ukhale utatumiza malata kumudzi. Ndani angadziwe?

Mbewe wa ku Leeds:
Angadziwe ndi anthu onse a kalabu amene anaona, ndi mlimi, ndi gulu lino la anthu mazana. Komanso a British Museum amayang'anako pa eBay zinthu zotere. Ndipo Jere, usamuike mnzako mtima m'mwamba. Mabatani a mitima iwiri ndi osowa ukayerekeza ndi mulu wa mabatani wamba amene timatola, munthu amatha kufufuza zaka osalipeza. Koma si Staffordshire Hoard, chuma chachikulu cha golide chimene chinafukulidwa ku Staffordshire. Lowani pa finds.org.uk mulembe crown and two hearts, muona kuti alembedwamo ambiri ndithu, ndipo ambiri mwa iwo anabwezedwa kwa owatola chifukwa mamyuziyamu ali nawo kale. Malata a nyumba yonse sangatulukemo.

A Ngozo, mlimi mwamuuza? Ndipo muonetsetse ngati iyeyo ndi mwini malo kapena amachita lendi, chifukwa pa fomu amafuna dzina la mwini malo weniweni. Malo enieni amene munatola munalemba? Amafuna grid reference, manambala osonyeza malo pa mapu, osachepera 6, koma foni imapereka yolondola kuposa pamenepo. Musaiike pano kapena pa Facebook, kuli anthu oyenda usiku m'minda ya eni.

Ngozo wa ku Peterborough:
Malo ndinasunga pa foni pomwepo. Mlimi ndi mwini malo, wapampando wa kalabu anamuonetsa chithunzi, ndipo pali pepala limene tonse tinasaina la kugawana pakati. Imelo kwa FLO ndatumiza masana ano. Tsopano lachiwirili, la ufa wobiriwira, nalonso ndi la boma?

Mbewe wa ku Leeds:
Ayi, limenelo ndi la inu ndi mlimi. Ndi la mkuwa wosakaniza, la chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, lopangidwa mwina ku Birmingham kapena ku London. Otere timatola pafupifupi ulendo uliwonse, chifukwa zovala zakutha ankazidula nkuzimwaza m'minda ngati manyowa, mabatani ali pomwepo. Limeneli ndiye lophunzirirapo. Ine ndimatere: ndimalisiya liume, kenako kamtengo kotokosera m'mano ndi kaburashi kofewa. Golide akakana kuoneka, ndimasungunula madzi a mandimu ndi madzi ambiri, kudonthezapo kwa masekondi ochepa, kutsukuluza bwinobwino. Amatuluka ali phuliphuli. Pomaliza ndimapaka phula lotetezera lotchedwa Renaissance Wax.

Nachisale:
Achimwene a Mbewe, pa kamtengo ndi kaburashi tili limodzi. Pa ndimu tasiyana. Ndikudziwa kuti m'makalabu ambiri amatero, ndipo tsiku loyamba zimakongola. Vuto ndi loti golideyo ndi wopyapyala zedi. Mu 1796 nyumba ya malamulo inachita kukhazikitsa lamulo loletsa chinyengo pa mabatani opakidwa golide, ndipo muyezo wake unali magireni 5, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a giramu, pa mabatani 144 a inchi imodzi. TREBLE GILT ndi wopanga akudzitama kuti wake wapaka katatu. Katatu ka chinthu chochepa chomwecho nkochepabe. Patapita zaka 200 m'nthaka, mkuwa wa pansi pa golideyo unadyeka, ndiye malo ambiri golide wangokhala pamwamba pa dzimbiri. Asidi golide samukhudza, amadya chimene wakhalirapocho. Ena amayoyoka pomwepo mu sinki, ena amatsala akulendewera nkudzagwa pambuyo pake. Ndipo asidi wolowa m'timing'alu simungamutsukuluze yense.

Mbewe wa ku Leeds:
Ndili ndi ena amene ndinatsuka choncho kalekale, mpaka pano akuwala.

Nachisale:
Amenewo anali olimba kale, mwina a m'dothi la choko. Amene anayoyoka munawataya, simukuwawerengera. Komabe pa batani wamba la inu eni sindingakumangeni. Chimene ndikukana ndi kupereka njira imeneyi kwa munthu woyamba kumene, amene sangasiyanitse lolimba ndi lofooka, mawa nkudzaiyesa pa chinthu chosowa.

Mukafuna chida chabwino, yesani munga. Chuma cha Staffordshire chija, chimene munthu wa makina ngati anuwa anapeza mu 2009 pafupi ndi Lichfield, chimene anachiika mtengo wa mapaundi 3.285 miliyoni, akatswiri ankachotsa dothi pa golide wake ndi minga ya zitsamba, monga berberis ndi pyracantha. Munga ndi wosongoka kuposa kamtengo ka m'mano, umalowa m'timakona, koma ndi wofewa moti sukanda golide ngati mmene singano imachitira.

Malume Phiri:
Ndiye mukuti azungu ophunzira mpaka ku yunivesite akutokosa chuma cha mamiliyoni ndi minga? Nditumizireni ma oda, mthethe kuseri kwa nyumba kuno wangoti mbwee. Ndiyamba bizinesi.

Nabanda wa ku Joni:
Kkkkk malume mwapeza forex.

Ngozo wa ku Peterborough:
Ndayesa ndi kamtengo usiku uno. Dothi la kumbuyo lachoka bwino, pansi pa TREBLE GILT patuluka mawu ena, STANDARD COLOUR. Koma pamene pali ufa wobiriwira paja, ndikangokhudza ufawo ukuyoyoka, ndipo pansi pake pali kadzenje. Kubiriwira kwa mbali zina nkolimba, kosalala, sikukuchoka.

Nachisale:
Mwaona bwino, ndipo kusiyana kumeneko ndiye nkhani yonse. Kubiriwira kolimba, kosalala, kodera, nkwabwino. Kumateteza chitsulo, musakuchotse. Ufa wotuwirako, wofewa, wotuluka m'kadzenje, ndi matenda amene timawatcha bronze disease. Mchere wa m'nthaka unalowa nkugwirana ndi mkuwa mkati. M'nthaka zimangokhala phee. Mukalitulutsa, chinyezi ndi mpweya zimafika pa mcherewo, pamapangika asidi, asidiyo amadya mkuwa wina, mchere umapangikanso, ndipo zimangozungulira choncho. Zili ngati anankafumbwe m'thumba la chimanga, ufa umene mukuona panja ndi chizindikiro chakuti mkati mukudyedwa.

Kupukuta ufawo sikuchiza. Kupaka phula pamwamba ndiye koipa kwambiri, chifukwa mwatsekera chinyezi mkati ndipo simuonanso zimene zikuchitika. Renaissance Wax ndi yabwino, inapangidwa mu labu ya British Museum m'zaka za m'ma 1950, koma ndi ya chitsulo chouma chimene sichikudwala. Mafuta a olive, amene ena amanyikamo miyezi, musayese. Ali ndi asidi wake, amadetsa chitsulo, amasasa, ndipo kuwatulutsanso ndi chintchito.

Chimene chimaimitsa matendawa ndi kuuma. Gulani kabokosi ka pulasitiki kosungira chakudya, kotseka mothina. Ikanimo silica gel wambiri, timibulu tija toyamwa chinyezi, osati kapaketi kamodzi ka m'bokosi la nsapato, ndi kakhadi kosonyeza chinyezi. Mukufuna chinyezi chikhale pansi pa 35 peresenti. Nyumba za kuno nthawi yozizira zimapitirira 60 mosavuta. Chotsani ufa ndi munga, lijambuleni, liikeni lokha m'kathumba kobooka, tsekani. Pakapita milungu iwiri yerekezani ndi chithunzi. Ufa ukabweranso ndiye kuti lifunika mankhwala otchedwa benzotriazole, amene timasungunula mu spiriti, kenako nkukuta ndi vanishi wotchedwa Paraloid B-72. Ubwino wa Paraloid ndi woti amasungunuka mu acetone, wina akadzafuna kuchotsa mtsogolo angathe. Benzotriazole si woseweretsa m'khichini, amafuna magolovesi ndi malo opita mphepo. Pa Conservation Register ya bungwe la Icon mungapeze katswiri wapafupi, ngakhale mtengo wake upitirira wa batanilo kutalitali.

Chinanso, musaliotche ndi moto kuti liyere. Asanatulukire zopaka ndi magetsi, zimene a Elkington a ku Birmingham anatengera chilolezo mu 1840, golide ankamusakaniza ndi mercury, kupaka, nkuotcha kuti mercury auluke. Ogwira ntchitoyo ankadwala nazo kwambiri, ndipo kena kake kamatsalira pa batanipo.

Naphiri wa ku Glasgow:
Ndingokumbutsa amene muli kuno kumpoto kuti zonse a Mbewe anena ndi za England ndi Wales. Ku Scotland kulibe zoti ili ndi la siliva, ili ndi la mkuwa. Chakale chilichonse chopanda mwini ndi cha Crown, kutanthauza boma, mumakanena ku Treasure Trove Unit ku Edinburgh, iwo ndiwo amasankha chosunga ndi chobweza. Musatengere malamulo a ku Norfolk kubwera nawo kuno.

Mbewe wa ku Leeds:
Zoona asisi. Ndipo ngakhale kuno kwathu lamulo linakulitsidwa mu 2023. Chinthu cha chitsulo chilichonse chopitirira zaka 200 chingathe kuwerengedwa ngati chuma ngati chili chofunika mwapadera pa mbiri. Batani la TREBLE GILT silingafike pamenepo, koma muzionetsa FLO zonse, ndi ntchito yake.

Mwana wa ku Karonga:
Pepani kulowerera. Ine makina ndilibe, koma bambo anga polima anatolapo mabatani atatu a mkuwa okhala ndi chisoti, ali m'chitini cha mkaka pamodzi ndi misomali ndi makiyi akale. Malangizowa akugwiranso kwa ife? Kuno kunyanja chinyezi ndiye chosanena.

Nachisale:
Akugwira, ndipo choyamba atulutseni m'chitinimo lero. Zitsulo zosiyana zikakhudzana pachinyezi chimodzi chimadya chinzake, komanso misomali ikuwakanda. Lililonse m'kathumba kake. Musawakulunge m'nyuzipepala, m'nsalu yaubweya kapena kumanga ndi labala, zimenezi zimatulutsa sulufule ndi asidi. Silica gel akavuta kupeza, pemphani timapaketi kwa ogulitsa nsapato ndi mafoni, mutiumitse kaye pamoto wochepa tisanalowe m'botolo lotseka bwino. Lina likakhala lotuwa, lolemera, lofewa, ndiye kuti ndi pewter kapena mtovu, limenelo lisayandikire bokosi la matabwa kapena katoni, mpweya wa matabwa umalisandutsa ufa woyera.

Mbewe wa ku Leeds:
Yang'ananso chisoticho. Cha pamwamba pozungulira ngati dome, chimene timachitcha King's crown, ndi cha 1902 mpaka 1952. Cholowa pakati, chotukuka m'mbali, ngati si cha Victoria ndiye ndi cha Elizabeth II kuyambira 1953. Kumbuyo ungapeze dzina la wopanga, monga Firmin wa ku London kapena Gaunt wa ku Birmingham. Tumiza zithunzi.

Mphunzitsi Wopuma, Zomba:
Mwana wanga, mabatani amenewo musawapeputse. Pa 9 September 1914 panamenyedwa nkhondo pa Karonga pomwepo, asilikali a King's African Rifles ndi a Jeremani ochokera ku German East Africa, ndipo asilikali anapitiriza kudutsa kumeneko zaka zonse za nkhondoyo. Sindikuti anuwo ndi a tsiku limenelo, koma kawaonetseni ku myuziyamu ya pa Karonga, muwauze munda umene anatoledwa. Nafenso tili ndi lamulo, Monuments and Relics Act, zakale sizongofukula kapena kutulutsa m'dziko mmene munthu wafunira. Ndipo bambo anu akadzagunda chitsulo chooneka ngati chipolopolo chachikulu kapena bomba, asachinyamule, akauze apolisi.

Admin:
Za Karonga zakoma, titsegulire mutu wakewake kuti zithunzi zisasokonekere ndi za a Ngozo. Jere, uthenga wako wachiwiri wa eBay ndachotsa.

Malume Phiri:
Funso langa lomaliza. Akalibweza la silivalo, boma litati silikulifuna, apo ndiye tingaliwalitse?

Nachisale:
Apo ndi la a Ngozo ndi mlimi, palibe angawaletse. Koma ogula zakale amalipira zambiri pa limene lili ndi khungu lake kuposa lopukutidwa, ndiye ngakhale Jere angakuuzeni kuti lisiyeni. Likadzabwera, kathonje ndi madzi a distilled kapena spiriti pang'ono kuchotsa dothi, kuligwira ndi magolovesi a nitrile osati a latex poti latex ili ndi sulufule, nkuliika m'kabokosi koonekera pa kathovu. Kuona maso a nkhono nkudekha, malume.

Malume Phiri:
Nkhono yake ya zaka 350 imeneyi. Chabwino, ndagonja, koma mendulo za kuno ndipitiriza ndi phulusa langa.

Ngozo wa ku Peterborough:
Ndabwera ndi lipoti. Dzulo ndinakumana ndi FLO. Analiyang'ana pa maikulosikopu, analiyeza kulemera ndi kukula, anati ndi siliva ndithu, la theka lachiwiri la zaka za m'ma 1600, ndipo mwina ndi theka la zomangira mkono wa malaya monga ananenera achemwali. Aphunzitsi, za Charles II anazitchula, koma anati azilemba ndi mawu oti mwina. Anandipatsa risiti, nambala ya fayilo yake ibwera pa imelo, ndipo anati ndisadabwe zikatenga chaka kapena kupitirira. Atamva kuti sindinalitsuke anamwetulira, akuti ambiri amabwera nawo atawakhula kale ndi foyilo ndi malovu. La TREBLE GILT anangoliona nkundibwezera. Lakhala m'bokosi milungu iwiri tsopano. Kadzenje kakakulu kali bwinobwino, koma pafupi ndi kamphete patuluka kaufa katsopano kochepa. Khadi ikusonyeza pakati pa 40 ndi 50, ndipo silica gel amene anali wa olenji wayamba kubiriwira.

Nachisale:
Ndiye kuti gel wakhuta madzi, kapena chivindikiro chikulowetsa mpweya. Muyaleni pa thireyi, mu uvuni pa madigiri 110 mpaka 120 kwa maola awiri kapena atatu, mpaka mtundu wa olenji ubwerere. Azizire m'botolo lotseka, osati pa tebulo. Onjezerani wina kuti afike gawo limodzi mwa magawo atatu a bokosilo, ndipo musamatsegule tsiku ndi tsiku kukasuzumira, khadi muiike poti muziiwerenga bokosi lili chitsekere. Kaufa katsopanoko kachotseni ndi munga, jambulaninso. Khadi ikakhala pansi pa 35 kwa mwezi wathunthu ufa nkubwerabe, mundilembere kumbali tikambirane za benzotriazole.

Mbewe wa ku Leeds:
Ndipo mlimi akagalauza mundawo mubwerere pamalo pomwe paja, muyende mizere yothithikana mamita khumi mbali zonse. Linzake likapezeka, limalowa pa nambala ya fayilo yomweyo kapena amaligwirizanitsa nayo, ndiye risitiyo musataye.